Oimba a Kudzala

Aphunzitsi a Rahila anatha miyezi itatu akuphunzitsa ana kupanga zoimbira ndi zitini, zigubu ndi zingwe za ukonde wakutha, n'kuzilumikiza ku kakompyuta koti ukangogunda chitini nyimbo ilire. Ndiye tsiku lomwe alendo a kuboma ankabwera kudzasankha sukulu yoti ilandire sola, minibasi ya ku Dwangwa inawachedwetsa mayiwa, ndipo anapeza m'kalasi muli mbee, mlonda, a Hamidu, akusesa uku akuimba mluzu.

"A Hamidu, zoimbira zija zili kuti?"

"Kudzala, aphunzitsi. Ahedi anati zinyalala zonse zichoke alendo asanafike."

"Zija si zinyalala."

"Munazitola kuti?"

"Kudzala, koma..."

"Basi, zabwerera kwawo."

"Ndati si zinyalala. Ndi maphunziro amene aja."

"Eya, maphunzirowo ali kudzala."

A Rahila anagwidwa ndi mantha, sola ija n'kuiona ikupita kusukulu ina.

"Nanga kakompyuta kaja?"

"Kanali komangirira kuzitini. Ine ndinakulira m'bwato, mfundo ya mwini sindimasula."

"Aaa, inu. Ana analembamo okha malamulo oyendetsa nyimbo."

"Malamulowo akugwira ntchito bwinobwino. Nkhuku za ahedi zimati zikajompha chitini, nyimbo yayamba. Tambala ndiye anatenga chigubu chachikulu."

"Thamangani mukazitole, alendo asaone manyazi amenewa."

"Aona kale. Anafika m'mamawa, anafunsa komwe kuli zoimbira, ine n'kuwalondolera."

"Kudzala?"

"Ndi mipando yomwe. Wina wa tayi anavina mpaka nsapato kuvuka."

Mayi a anthu anangoti khwaa pa desiki la mwana, manja kumutu.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati sola ndi yathu, bola oimba omwewo abwereze masana ano abwana awo akafika. Ndinawauza kuti ana aliponso. Anati ayi, omwewo."

A Rahila anadzuka, chimwemwe chitawadzaza, ndipo za zinyalala zija anaziiwaliratu.

"Alhamdulillah. Tapezani gaga msanga tiziitane. Zili kuti?"

A Hamidu anatsamira tsache lawo n'kuloza ndi mlomo kukhitchini, komwe kunkachokera kafungo ka anyezi.

"Ahedi anati alendo adye nkhuku, ndipo wozinga pasukulu pano ndine. Ndinayambira wa chigubu chachikulu uja."