Foni Yoyatsidwa Lamulungu Lokha

Okondedwa omvera, ndine mtsikana wa ku Kabudula. Khonsolo italengeza kuti achinyamata alembetse pa intaneti kuti akaphunzire kukonza mijigo ali pantchito, ndinakalembetsa pa kompyuta yolipira. Poti ndilibe foni, ndinapereka nambala ya mkulu wa mpingo wathu. Sindinadziwe kuti foniyo amayatsa Lamulungu lokha posunga batire.

Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, mkuluyo anandiitana akumwetulira. "Mwanangu, akutenga! Taona uthengawu."

Ndinawerenga uthengawo. Tsiku lokayamba maphunziro linali litadutsa kale. Ndinathamangira kukhonsolo, koma anandiuza kuti malo anga anapatsa wina.

Pano ndabwerera kosankha fodya wa eni. Mkuluyo mpaka lero amauza anthu monyadira kuti ndinasankhidwa. Ine ndimangoti, "Eee, abambo," misozi ndimakakhetsera kuchigafa.