A Kalipentala Sankadya Asanathokoze

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1952, kuseri kwa siteshoni ya sitima kumene bambo awo ankakonza njanji. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Anayamba sukulu mu 1960, ndipo mu 1969 anakaphunzira ntchito ya matabwa. Kuyambira pamenepo aliyense ankangoti a Kalipentala, ndipo ambiri mwa inu mumatseka zitseko zotuluka m'manja mwawo.

Pa 16 Ogasiti 1975 anamanga ukwati woyera ndi mayi akhala pafupi ndi bokosiwa. Mayi amanena kuti tsiku loyamba kudyera m'nyumba yawo anatsegula diso limodzi kuti aone ngati amuna awo agona, chifukwa pemphero silinkatha. Malemu akamapempherera chakudya ankatchula manja onse amene chadutsamo: mlimi, woyendetsa lole, wogulitsa mchere pamsika, wokonza mpopi, wophika. Kushedi kumene ankapalira matabwa nako kunali chimodzimodzi. Ankachotsa pensulo kukhutu, kusasa utuchi m'manja, nkuweramira kapu ya tiyi wopanda mkaka. Ana awo anawapatsa dzina lakuti a Zazizira. Mayi anali ndi njira yawo: kutsokomola kawiri, kenako Ameni wamphamvu. Malemu ankangowonjezera kuthokoza chifukwa cha mkazi wa mawu omveka, nkupitiriza.

Mu 1991 shedi inapsa pamodzi ndi zida zonse. Tsiku limenelo anathokoza kuti zala zawo khumi zinalipo. Anamanganso, ndipo mu 2014 anasiyira ntchitoyo mwana wawo wachiwiri.

Pa 3 Febuluwale chaka chino anagwa pakhonde. Mbali yakumanja inafa ziwalo, lilime linamangika. Ali m'chipatala anayamba kukana chakudya. Supuni ikayandikira ankaluma mano nkuyang'ana kukhoma. Madokotala anawayeza bwinobwino, anapeza kuti kumeza atha. Ana anasinthana kuwanyengerera koma osaphula kanthu, thupi likunka lithera m'bulangete, mpaka panamveka zoti awaike chubu m'mphuno. Mayi ankalirira kubafa kuti ana asawaone. Chimene chinkawabaya sichinali chubucho ayi, koma maganizo akuti munthu amene anathokoza shedi itapsa tsopano wataya mtima, wasankha kuwasiya.

Tsiku lina masana mayi anakhala pambali pa bedi, mbale ya phala ili pamiyendo, mphamvu zowanyengerera zitatha. Anaona dzanja lamanzere la malemu litatambasuka pa bulangete, chikhatho chitayang'ana kumwamba, ngati mmene ankachitira pathebulo. Apo ndi pamene anazindikira. Pazaka zonse za banja lawo wopempherera chakudya anali mmodzi yekha, ndipo atasowa mawu palibe anatenga malo awo. Banja linkapempha machiritso m'mawa ndi madzulo, koma phalalo palibe analithokoza.

Mayi anagwira dzanjalo nkupemphera mwachidule, monga mwa chibadwa chawo. Pakamwa pa malemu sipanatseguke. Maso a malemu anatsatira mtsikana amene ankakankha ngolo ya chakudya pakati pa mabedi. Mayi anamvetsa, anayambiranso. Anatchula mtsikanayo, ophika a kukhitchini amene sanawaonepo, namwino, wokolopa pansi, ngakhale wodwala wa bedi loyandikana amene anawabwereka supuni. Pofika pa Ameni phala linali litazizira nkuuma pamwamba. Malemu anadya lonse.

Chubu sichinaikidwe. Anabwerera kunyumba, nakhala nafe miyezi ina yambiri, akudya kuchokera m'dzanja la mayi. Anatisiya mwakachetechete Lachiwiri pa 19 Novembala 2024, ali ndi zaka 72.

Asiya mkazi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi ziwiri ndi mlongo wawo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi mpingo wonse, oyandikana nawo amene ankathandiza kuwanyamula powasambitsa, anyamata a kushedi amene akhoma bokosili ndi manja awo, ndi amayi amene ali pamoto chiyambire dzulo.

Mayi apempha chinthu chimodzi: tikabwerako kumanda, chakudya achipempherere okha. Chonde tisafulumire kusamba m'manja, tiwadikire.

A Kalipentala, pitani bwino. Ambuye amene munkawathokoza akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.