Mainasi Atuluke Kaye

— Halo? Adadi?

— Halo, Mzime. Ukundimva?

— Ndikukumvani. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya iwe ndi ana?

— Tonse tili bwino. Amayi mwendo uja?

— Ukupola. Akukolopa pakhonde, ati ine ndimasiya madzi m'makona. Kusukulu kwako?

— Ndangoweruka, choko chikadali m'zala. Dulani ndiyimbe ine, mayunitsi anu ndimawadziwa.

— Ayi, n'zachidule. Tenga cholembera, pali samu. Ruti ya mainasi 12, kuphatikiza ruti ya mainasi 27.

— Mwayambanso kundiyesa? Ndine mphunzitsi tsopano, adadi.

— Tangondiuza poyambira.

— Inuyo munkati chiyani? "Mainasi ndi mlendo, atuluke kaye, akaime panja atavala chilembo cha i."

— Ndinkatero?

— Zaka makumi atatu, uku mukugogoda bolodi ndi rula. Halo? Netiweki kodi?

— Ndilipo. Mtsikana wa aneba anabwera ndi kope masana. Ndayang'ana samuyo mpaka tiyi kuzizira. Ndamuuza kuti magalasi asowa. Anali pamphuno, Mzime.

— Adadi...

— Dzana ndinasokera pochokera kugolosale. Ndikuchita mantha, mwana wanga.

— Tiyeni tiipange limodzi. Mainasi watuluka. Mu 12 muli 4 kangati?

— Katatu. Ruti ya 4 ndi 2. Ndiye 2i ruti 3.

— Eya. Nanga 27...

— Usandiuze. 9 katatu. 3i ruti 3. Onse ndi a ruti 3, ana a mimba imodzi, amaphatikizika. 5i ruti 3.

— Mwakhoza. Za mimba imodzizo sindinakuuzeni ine, mwakumbuka nokha.

— Lero. Nanga mawa?

— Mawa ndibwera, tipite kwa dokotala. Amayi mwawauza?

— Ayi, ndipo usawauze.

— Anandiyimbira sabata yatha, adadi. Nawonso anati ndisakuuzeni.

— Nkhalamba imeneyi. N'chifukwa chake kuyambira dzulo akumandilondola paliponse ndi mwendo wotupawo, ati akuuwongola.

— Musawakalipiretu.

— Ndingayambe bwanji? Imva, foni yayamba kulira, mayunitsi akutha. Mtsikana uja abweranso Lachinayi. Ndikadzaiwalanso...

— Mudzayimbe. Mukaiwala kakhumi, ndidzakuuzani kakhumi. Inu munandibwerezera kangati?

— Kosawerengeka. Unali wouma mutu ngati amako.

— Ndikawauza zimenezi mawa.

— Ukawauze. Koma ubweretu, Mzi...

— Halo? Adadi? Ndibwera m'mawa, mwamva?