Munthu amene anaikidwa m'dzina langa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Nsanje ndi inu mwawoloka Shire kudzapemphera nafe. Ine ndine Zuze. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinabwerera kwathu n'kupeza maliro anga atalira kale, ndi tsitsi atameta.

Nkhondo ya Ajeremani itakula, anatigwira kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ija ya mtengatenga. Ndinasiya mkazi wanga Malita ndi mwana wathu wamkazi akukwawa. Kutali uko ndinadwala kamwazi, anzanga n'kundisiya pamsasa wa odwala. Ndinachira mochedwa, ndipo pofika kwathu panali patapita zaka zitatu.

Nditatsika m'bwato padooko, amayi amene ankachapa anataya nsalu n'kuthawa. Pamudzi wa apongozi anga, pamene ndinali mkamwini, nyumba yanga anali ataigwetsa monga timachitira ya womwalira. Malita anali atakwatiwa ndi msodzi wina, Kampira, khanda lili kumbuyo. Iye analira, inenso ndinalira, koma chochita panalibe wochidziwa. Mwana wanga anathamangira kuseri kwa Kampira akumuitana kuti baba.

Ndinakakhala kwa mlongo wanga. Madzi ataphwa, anthu anatsikira kudimba kukadzala chimanga ndi mbatata, ine khasu osaligwira. Kupemphera ndinaleka. Mkwiyo unalipo, koma chimene chinkandidya kwenikweni linali funso. Ndani anandiona nditafa? Anaona chiyani?

Ndinayamba kufufuza. Malita anati anamva kwa amalume ake. Amalumewo anati anamva kwa munthu wodula nkhuni za sitima zapamadzi ku Chiromo. Ndinapita ku Chiromo wapansi, ndipo wodula nkhuniyo anandilozera kumudzi wa Malemia, kwa Alufandika, amene ndinasenza naye katundu kunkhondo. Ndiulule pamaso panu: ndinanyamula chibonga. Panjira ndinapemphera koyamba m'miyezi yambiri, ndipo silinali pemphero labwino. Ndinangoti, Mulungu, ndionetseni munthu wandiphera banjayu.

Ndinawapeza akuluka mphasa, mwendo umodzi utafota. Atandiona bango linagwa m'manja.

"A Zuze? Ine ndinakuikani ndi manja angawa!"

"Nkhope munaiona?" ndinafunsa.

"Inali itatupa, achimwene, yosazindikirika. Koma bulangete linali lanu, lija la chigamba chofiira."

Bulangetelo wina anandibera ndili chikomokere pamsasa wa odwala, ndipo ndinamutemberera masiku ambiri ndikunjenjemera ndi kuzizira. Alufandika anapitiriza. Anati anapeza mtembowo m'mbali mwa njira, ndipo sanalole kuti mnansi wawo adyedwe ndi afisi. Anakumba ndi chikwanje masana onse, anapemphera akutchula dzina langa, n'kuimika mtanda wa timitengo. Chifukwa chochedwa anamenyedwa chikoti. Atafika kwawo ndi mwendo wovulalawo, anatumiza uthenga kuti Malita asamadikirire pachabe.

Abale, munthu amene ndinamunyamulira chibonga ndiye yekha anandichitira chifundo m'dziko lonse lija. Chibongacho ndinachikankhira pansi pa nkhokwe yawo mwamanyazi. Ndinangokwanitsa liwu limodzi la Chisena lothokozera: "Takhuta."

Pobwerera, funso langa linali litasintha. Kodi wagona m'manda ajawo ndani? Anali wa kuti? Nayenso ankamva kuzizira ngati ine. Ndipo kwinakwake kuli mkazi amene sanalandire uthenga uliwonse, amene mwina mpaka lero amadzuka akamva mapazi pabwalo. Ine ndinkadandaula kuti anandilira msanga, pamene mnzanga uja sanaliridwe n'komwe. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mlambe n'kulira, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti Mulungu wayankha pemphero langa loipa lija ndi yankho labwino. Wolakwa woti ndimulange panalibe. Moyo wanga wakale unali utaikidwa mwaulemu, ndi pemphero lomwe, koma ine ndinkalimbana n'kuufukula.

Ndinapita kwa Malita ndi Kampira dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwauza kuti mlandu sindidzaimba. Kampira anaitana mwana uja.

"Pita ukawapatse madzi. Awa ndi baba ako amene anakubereka."

Mwanayo anabwera ndi chikho, theka la madzi litatayika panjira. Ndinamwa onse otsalawo.

Chaka chimenecho ndinadzala mochedwa, komabe mbatata zinabereka. Pambuyo pake Ambuye anandipatsa banja lina, ndipo mwana wanga woyamba uja amabwera kudzatithandiza kukolola mapira. Sindinena kuti mtima supwetekanso. Pena ndikaona Malita akuchokera kumtsinje umaluma ndithu, koma ndimapereka moni n'kupitiriza ulendo wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga kunkhondo, n'kundisunganso ku dzanja langa lomwe. Inu amene mukufukula zakale, funsani mafunso anu kwa Iye, sakwiya nawo. Koma akakuyankhani, nyamukani mukalime. Ndipo tikagwada lero, ndikupempha chinthu chimodzi: tipempherere mayi uja amene akudikirabe mwamuna wake. Dzina lake sindilidziwa, koma Ambuye akulidziwa. Ameni.