Tsiku limene sindinawamvere bambo a Tadala

Aleluya! Ndati aleluya, mpingo! Kapena kuzizira kwa Novembalaku kwakumangani pakamwa? Eya, tsopano ndakumvani.

Abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Kwa amene simundidziwa, ndine mayi a Tadala, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Woolwich konkuno. Ndikufuna kuchitira umboni. Mwini nkhaniyi ali mom'muno, abambo avala jekete yabulauni kumbuyoko, amene akuyang'ana pansi ngati ataya singano. Bambo a Tadala, musandikwiyire, munavomera nokha m'basi muja.

Amuna angawa kwawo ndi ku Nkhotakota, mwana wa msodzi. Amati madzi amawadziwa kuposa mmene amandidziwira ine. Tsono mapepala anga okhalira m'dziko lino ali bwino chifukwa cha ntchito, koma awo tinatumiza kuti awawonjezere nthawi, mpaka lero kuli zii. Munthu wodikira mapepala mukumudziwa, abale. Akaona yunifolomu, ngakhale ya woyendetsa basi, amawoloka msewu. Posowa chochita, iwo anayamba kumapita ku mtsinje wa Thames kukangoyang'ana madzi. Kenako ndinangoona akuluka kaukonde m'khichini mwanga. Ndinati, "Bambo a Tadala, nsomba za m'madzi akudawa mudzadya nokha." Iwo akuti, "Inu a ku Dedza mukudziwa chiyani za madzi? Kwanu ndi kwa kachewere." Ndinangoti chabwino, bambo.

Masabata atatu apitawo, Loweruka, nditaweruka shifiti ya m'mawa, anati ndiwaperekeze ndikaone luso. Titafika tinapeza madzi aphwa, athawira kutali, kwatsala matope okhaokha. Iwo anatsika masitepe, magambutsi kumapazi, ukonde paphewa, akukautchera pa mitengo ina yakale yozikika m'matopemo. Ine ndinatsala pamwamba pa khoma.

Abale, nyanja ya kwathu ndi yaulemu. Pamene wawasiya madzi m'mawa ndi pomwe ukawapeze madzulo. Koma mtsinje uwu, ayi. Madzi amachoka, kenako amabwerera, ndipo pobwerera saodira. Amuna anga ankadziwa kuti amabwerera, koma liwiro lake sankalidziwa, ndipo matope akewo sanawapondepo chibadwire. Ndinangoona mwendo umodzi walowa mpaka m'bondo. Pofuna kuuzula, winanso walowa. Mulungu andikhululukire, ine ndinaseka. Ndinaseka ndithu! Ndinati, "Msodzi wamkulu uja wakodwa yekha?" Koma nditaponya maso kumbuyo kwawo, kuseka kunathera pomwepo. Madzi anali akubwera.

Ndinatulutsa foni. Atandiona anakuwa, "Mayi a Tadala, musaimbe! Chonde musaimbe! Ukonde ndili nawo pano, mapepala ndilibe. Akabwera andikweza ndege!"

Amayi anzanga, zaka makumi awiri ndili pabanja ndi bambo amenewa, akati ayi ine ndimati ayi. Ndiponso zimene ankaopazo nanenso ndinkaziopa. Ndikaimba, boma linditengera mwamuna. Ndikapanda kuimba, madzi anditengera mwamuna. Ndikuganiza choncho, madzi afika m'chiuno. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, bola ndizikawaona ku Nkhotakota kusiyana ndi kukawaona kumanda." Ndinaimba naini naini naini, nambala ya zangozi.

Pakhoma paja panali chikwangwani chonena kuti munthu akakhala pangozi m'madzi, upemphe a kositigadi, olondera pamadzi a dziko lino. Ndinawapempha. Chizungu chonse chinandithawa, abale, ndinkangoti mayi hazibandi, mayi hazibandi. Koma mayi amene anayankhayo sanatekeseke. Anandifunsa pamene ndaima, ndi chimene ndikuona tsidya linalo. Anati, "Muwauze asiye kulimbana ndi matope, atambasule manja. Inu musatsikeko. Musadule foni, ndili nanu." Ine kulira, iye kundigwira ndi mawu ngati mchemwali wanga wa bere limodzi. Nkhope yake sindinaione, dzina lake sindilidziwa, koma ndimamukonda mayi ameneyo.

Madzi atafika pachifuwa, amuna anga anasiya kundikalipira. Anati, "Tadala mumusamale, amalize sukulu." Mawu amenewo sindidzawaiwala. Ndinati, "Mumusamala nokha! Tambasulani manja!"

Ndiye linatulukira boti, likung'amba madzi. Azibambo awiri analumphira m'madzimo, kuwamanga lamba, kukumba ndi manja, kukoka, kukoka, mpaka kuwazula ngati chinangwa. Magambutsi anatsala komweko. Aleluya!

Pamtunda anawafunditsa chinsalu chonyezimira ngati chokulungira nkhuku mu uvuni. Kenako panabwera bambo wa yunifolomu, kabuku m'manja. Mumtima ndinati basi, ndege ija ndi imeneyi. Anafunsa dzina, anafunsa adiresi, amuna anga akuyankha mano akugundana. Kenako ananyamula ukonde uja. Anati, "Uwu ngoletsedwa mumtsinje uno. Sitikubwezerani, ndipo tiwadziwitsa oyang'anira za nsomba, akulemberani kalata. Pamadzi pano pali malamulo, bambo." Sanaseke, sananyengerere, lamulo analinena mmene lilili. Ine ndinkangodikira funso lija. Anatseka kabuku, natembenukira kwa ine. Anati, "Ndinu munaimba? Mwachita bwino. Mukanachedwa pang'ono tikanabwera kudzavuula mtembo." Za mapepala sanafunse, abale. Sanafunse! Anatikweza ambulansi.

Kalata ija inabweradi, ya chenjezo. Tinailandira ndi manja awiri, chifukwa tinalakwa.

Koma kunyumba, masiku awiri bambo a Tadala osandiyankhula. Tiyi ndikawapatsa, angolandira. Ndinati kaya akwiya kuti ndinawachititsa manyazi, kaya bwanji. Mtima unandipweteka kwambiri. Tsiku lachitatu ndikusita yunifolomu yanga, ndinangomva munthu waima kumbuyo. Potembenuka, agwada. Abusa, mwamuna wa ku Nkhotakota kugwadira mkazi wake pa kapeti! Anandigwira dzanja, misozi ili mbwee. Anati, "Mayi a Tadala, zikomo kuti simunandimvere."

Abale, mapepala sanatulukebe, ndipo mupitirize kutipempherera. Mawa sindilidziwa. Koma munthu wodikira mapepalayo ali moyo, wadya, wakwera nane basi m'mawa uno. Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mtima wokana tsiku limodzi lokha, ndikuthokoza anthu aja a pamadzi amene anathamangira mlendo wosamudziwa. Bambo a Tadala, imirirani anthu akuoneni. Imirirani, musachite manyazi! Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane, mpingo, lero sindinavale zakuda!