Manja a Lufeyo

Zaka zimene kaunjika anali asanadzaze m'misika yathu, ine ndinali ndi kashopu pa Namitete kosoka nsapato, malamba ndi zikwama zachikopa, ndipo ndinali ndi antchito anayi. Inu adzukulu mwati mukufuna kutsegula yanu, eti? Mverani kaye zanga.

Masiku amenewo wantchito ankalandira pamwezi, masana ankadya pashopu pomwepo, ndipo akadwala ndinkamulipirira kuchipatala, ngakhale kuti za penshoni zimene mumanena lerozi tinkangozimvera kwa aboma. Wamkulu pa onse anali a Lufeyo a ku Kabudula, munthu wosalankhulalankhula. Iwowa ndiwo ankaviika zikopa m'madzi a laimu kuti ubweya uchoke, n'kuzifufuta mpaka zifewe, kenako n'kukhala pansi kusoka.

Koma nsapato za kaunjika zitafika, zotchipa komanso zonyezimira, malonda anayamba kugwa, ndipo ine ndinachita mantha. Ndinathetsa chakudya chamasana, ndinathetsa zachipatala, kenako ndinati aliyense azilandira molingana ndi nsapato zimene wasoka. Komabe musaganize kuti ndinali nditasaukiratu, chifukwa chaka chomwecho ndinagula njinga yamoto.

Laimu uja anali atawadya manja a Lufeyo pang'onopang'ono, zala zonse ming'alu yokhayokha, moti singano ankaigwira akuluma mano. Anzawo akasoka mapeyala atatu, iwo imodzi. Tsiku lina m'mawa anandipeza ndikupukuta njinga ija, navula chipewa.

"Abwana, manjawa akundikanika. Mundithandizeko ndikaonane ndi adokotala."

Ine osawayang'ana n'komwe ndinati, "A Lufeyo, pano ndi pashopu, si pachipatala. Amene sasoka salandira."

"Ndamva, abwana," anatero, n'kuvala chipewa chawo.

Mwezi usanathe anatsanzika. Pa zaka zonse zimene anandigwirira ntchito, kodi mukudziwa chimene ndinawapatsa? Nsapato peyala imodzi imene inakanika kugulidwa. Lamulungu lake ndinakaima kutsogolo kutchalitchi monga mkulu wa mpingo, kuwerenga mawu.

Papita zaka zisanu chimwalirireni a Lufeyo. Ndinapita kumaliro ndi cholinga chokhala kumbuyo, koma mwana wawo wamkazi anandizindikira, nabwera kudzagwada.

"Agogo, amayi akuti mulankhuleko. Ababa ankakutchulani kawirikawiri, ankati ndinu munawaphunzitsa ntchito."

Ndinamufunsa mwanayo ngati anamaliza sukulu, ndipo anati analekezera folomu 2, chaka chimene bambo ake anabwerera kumudzi, chifukwa fizi inasowa. Ananena mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Apo m'pamene ndinadziwa kuti a Lufeyo sanauze aliyense zimene ndinawachita.

Ndinaimirira pamaso pa khamulo, ndinati anali munthu wokhulupirika, ndipo ndinalekera pomwepo n'kukhala pansi. Anthu ankayesa ndi chisoni, koma anali manyazi.

Lero mumadandaula kuti zikopa zakwera, guluu wakwera, ndipo lamulo likufuna malipiro oyenera ndi penshoni. Ndi zoona, zimalemera. Koma akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo ine ndinangoonerera. Mukadzaona malonda akugwa, khalani pansi ndi antchito anu, auzeni zoona, ndipo kudzimana kuyambire pa inu eni shopu. Komanso ngati mwalakwira munthu, pitani akadali moyo, chifukwa kumanda kulibe woyankha kuti zatha.