Tsiku Lomwe Amayi Analawa Ramu

Zaka zimenezo, Area 25 ikadali minda ya chimanga, ndipo ife a kuno ku Biwi tikupita ku Old Town wapansi, ine ndinali woperekera zakumwa pa hotela ina m'tauni. Yamikani, mdzukulu wanga, tabweza kaye botolo la zoziziritsa kukhosilo. Ramu wandigulirayi yagona mumgolo zaka khumi ndi ziwiri, ndiye iwe ukufuna kuimiza m'madzi a shuga? Khalani pansi nonse, ndinu akuluakulu tsopano, mumve.

Pa hotelapo pankafika mlendo wina, wakuda ngati ife tomwe, wochokera ku zilumba zakutali komwe amalima nzimbe, ndipo iyeyo ndiye anandiphunzitsa kuti ramu yakale sagugudiza. Umathira pang'ono pansi pa tambula, n'kuifumbata kuti imve kutentha kwa dzanja, n'kununkhiza modekha, kenako umalawa ndi kuisiya igone palilime mpaka itakuuza zonse: uchi, nthochi yakupsa, kautsi kakutali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma anzanu a lero amameza ngati mankhwala a malungo, nkhope itakwinyika. Pobwerera kwawo, mlendoyo anandisiyira botolo limodzi la ramu yogona zaka zambiri.

Tsono pali chinthu chimene sindinakuuzenipo. Amayi anga ankatcheza kachasu ku Ntcheu, ndipo kachasu ameneyo ndiye anandiphunzitsa sukulu, koma ine nditangovala tayi ndinayamba kuchita nawo manyazi. Apongozi anga aamuna anali kalaliki wopuma pantchito, munthu wa jekete ngakhale mwezi wa Okutobala, ndipo ndinawauza kuti Amayi amagulitsa tomato. Amayi atabwera kudzationa, bodzalo linawafika m'makutu. Sanakalipe. Anangomanga kachikwama kawo n'kunena kuti, "Filipo, mawa ndikwera basi. Sindidzabweranso kudzakuchititsa manyazi."

Masana a tsiku lomwelo, linali Lamulungu, apongozi anatulukira. Ine pofuna kudzionetsa ndinatulutsa botolo lija, ndinalawa poyamba monga mwa mwambo, n'kuwathirira. Iwo anangoti gwaa kamodzi, anatsokomola mpaka misozi, n'kuti, "Yabwino, yachizungu." Mtima unandiwawa, zaka zonse zija kupita pakhosi ngati madzi.

Amayi anali pamphasa pakona. Sindinaganize n'komwe zowapatsa, koma anatambasula dzanja. Ana inu, ndikanakonda mukanaona. Anadonthezera pachikhatho, anatikita, ananunkhiza nthawi yaitali maso ali chitsinzinire, kenako analawa n'kuisiya igone palilime.

"Nzimbe izi," anatero. "Mgolo wake anauwaula ndi moto m'kati. Ndipo wotchezayu anataya zoyamba kudontha, anataya zomaliza, anasunga zapakati zokha. Moto wake unali wofatsa. Munthu ameneyu sanapupulume."

Zonse zimene mlendo uja anandiphunzitsa miyezi itatu, Amayi anazimva ndi dontho limodzi, pamene chizungu cha pabotolo sankatha kuwerenga.

Apongozi anawayang'ana. "Kodi mayi, a tomato inu, zimenezi mwazidziwira kuti?"

Amayi anagwetsa nkhope. "Ndinangomva kwa anthu, bambo."

Mwamva? Ankandibisira bodza langa lomwe, ine wowakana. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Bambo, ndinakunamizani. Amayi anga ndi otcheza kachasu, ndipo kwathu konse kulibe wowaposa. Tayi mukuonayi inachokera mumbiya yawo."

Apongozi anakankhira tambula yawo kwa ine n'kuti, "Thiraninso. Mayi, ndiphunzitseni, ndaona kuti poyamba paja ndangowononga."

Amayi asanawaphunzitse anandifunsa kuti yagona zaka zingati. Nditawauza, anapukusa mutu. "Ndiye kuti mwina wotchezayo anamwalira asanailawe." Anadonthezera pansi pang'ono, pasimenti yanga yopolishidwa ija, ulemu wa mmisiri kwa mmisiri mnzake amene sanamuonepo. Madzulo ake ndinaona kachikwama kaja atakamasula, ndipo anakhala nafe mpaka mvula itagwa.

Lero mumagula chilichonse ndi foni, ndipo zonse mumazifuna zachangu, koma zinthu zokoma zimachedwa, ndipo kumbuyo kwake kumakhala manja a munthu. Musamafunse dzina la pabotolo lokha, muzifunsanso amene anasonkha moto. Ndipo mukadzavala matayi anu, kumbukirani kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Thira tsono, Yamikani, pang'ono pokha. Ayi, usandipatse kaye. Yamba wadonthezera pansi apa, alawe Amayi.